Ikaola Imodzi, Kodi Zonse Zaoladi? Mbiri ya Kulangira Ophunzira Kumodzi

Kalata imene idandiyambitsa kufufuza nkhaniyi idabwera ndi mwana wa mlongo wanga, itapindidwa kanayi m'thumba la chikwama chake. Mtsikanayu adali m'chaka chomaliza pa koleji ina ya boma. Usiku wina anzake adachita zipolowe chifukwa cha chakudya. Adaswa magalasi a chipinda chodyera, adathyola chitseko cha nyumba yosungiramo katundu, ndipo galimoto ya koleji adaigenda mpaka kutsala chigoba. Kutacha, onse adauzidwa kuti alongedze, dzuwa lisawalowere pamalopo. Patatha milungu isanu ndi pamene kalata ija idafika. Inkati wophunzira aliyense, popanda kupatula, alipire ndalama zofanana zokonzera zowonongeka, abwere ndi kholo, ndipo asayine kuti sadzachitanso. Ndalamazo, pa nthawiyo, zikadagula matumba awiri a feteleza.

Usiku wa zipolowewo iye adali chigonere m'chipatala, malungo atamugwira. Kabuku kake ka kuchipatala kadali ndi tsiku ndi chidindo. "Amalume," adandifunsa, "ndisayine kuti sindidzachitanso chiyani, poti palibe chimene ndidachita?" Kwathu malume ndiye mwinimbumba, choncho funsolo lidalibe kwina kopita. Ine ndidalibe yankho, ndipo ndidayamba kuwerenga. Ndidapeza kuti kalata ija, ngakhale idatuluka m'kompyuta, ili ndi makolo ake, ndipo makolowo ndi akale kuposa koleji iliyonse ya m'chigawo chino cha Africa.

Tiyambire ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa, kumene Angerezi ndi Axhosa adalimbirana malo kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1817 bwanamkubwa wa ku Cape, Lord Charles Somerset, adakumana ndi mfumu Ngqika pa mtsinje wa Kat ndi kukhazikitsa lamulo lolondola mapazi. Ng'ombe za mzungu zikabedwa, asilikali ankatsata mapazi ake. Mudzi umene mapaziwo athera unkayenera kubweza ng'ombezo, apo ayi kupereka zake. Padalibe zofufuza kuti wakuba ndani. Wakuba wochenjera ankangodutsitsa ng'ombe pafupi ndi khola la munthu wina, basi mlandu wagwera mwini kholalo ali m'tulo.

Nzeru yomweyi idafika kuno. John Chilembwe ataukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, boma la Nyasaland silidalekere pa kupha ndi kumanga anthu amene adamenya nawo nkhondoyo. Lidatentha nyumba zambiri, ndipo anthu a m'madera amene nkhondoyo idakhudza adalipitsidwa mashilingi anayi aliyense, kaya adatengako mbali kaya ayi. Mu 1959, boma litalengeza pa 3 Malichi kuti zinthu zafika pangozi, midzi ina idalipitsidwanso chindapusa cha onse, ndipo komiti ya woweruza Patrick Devlin, imene idabwera kudzafufuza, idadzudzula mchitidwe wotentha nyumba za anthu.

Atsamunda adali ndi zifukwa ziwiri zochitira zimenezi. Choyamba chidali kuchepa kwawo. Bwana DC mmodzi ndi amesinjala ochepa sakadatha kudziwa nkhope za anthu a boma lonse, ndipo kawirikawiri chiyankhulo chawo sankachimva bwino. Kulanga mudzi wonse kudali kosavuta poyerekeza ndi kufufuza. Chachiwiri ndicho chidali chakuya. Ukalipitsa osalakwa, umawasandutsa apolisi ako. Mawa mnzawo akayamba kudandaula za msonkho, iwo omwe amutseka pakamwa kapena kukamunenera, poopa kulipiranso. Chilango cha onse chimaphunzitsa anthu kuopana.

Tisaganize kuti Angerezi sankadziwa njira ina. Kwawo ankaidziwa bwino, ndipo mlandu wina wotchuka pa nkhaniyi udachokera ku yunivesite. Yunivesite ya Cambridge idalanda madigiri a katswiri wina, Richard Bentley, osamuitana kuti adzadziteteze. Mu 1723 khothi lidalamula kuti madigiriwo abwezedwe, ndipo mmodzi wa oweruza adakumbutsa anthu kuti ngakhale Mulungu adayamba wamufunsa Adamu asanamutulutse m'munda. Ndiye kuti pamene Somerset ankakumana ndi Ngqika, kwawo kudali kutatha zaka pafupifupi 100 chikhazikitsireni mfundo yoti munthu asalangidwe asanamvedwe. Mfundoyo idatsala ku England. Imene idakwera sitima yapamadzi kubwera kuno ndi ija ya mapazi a ng'ombe.

M'dera lomwe lija la lamulo la mapazi, amishoni a ku Scotland adatsegula sukulu ya Lovedale mu 1841. Sukuluyi ili ndi ubale ndi Malawi: alaliki achixhosa, monga William Koyi, adachokera kumeneko mu 1876 kudzathandiza mishoni ya Livingstonia, ndipo James Henderson, amene adaphunzitsapo ku Livingstonia, adakhala mkulu wa Lovedale kuyambira 1906. Mu 1920, iye ali pampando, ophunzira adachita zipolowe chifukwa cha buledi, ndipo pafupifupi 200 adatengeredwa kukhothi. Mu Ogasiti 1946, mkulu wa sukulu ali R.H.W. Shepherd, kudabukanso zina, gwero lake chakudya chomwecho. Oposa 150 adamangidwa, sukulu idatsekedwa kwa milungu ingapo, ndipo ambiri sadaloledwe kubwerera. Nditawerenga zimenezi ndidaseka pang'ono, kuseka kowawa. Zaka zonsezi zapita, koma zipolowe za m'sukulu zathu zikuyambirabe m'mbale.

Kutsidya kwa mtsinje wa Tyhume, pafupi ndi tawuni ya Alice, kuli Fort Hare. Dzinalo ndi la linga la asilikali a Britain limene lidali pamalopo, ndipo koleji idatsegulidwa mu 1916. Kwa zaka zambiri kumeneku ndiko kumene munthu wakuda wa m'chigawo chino ankapita akafuna digiri. Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere adaphunzira kumeneko, chimodzimodzi Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Ntsu Mokhehle wa ku Lesotho. Nelson Mandela adachokako kumapeto kwa 1940 atakana kukhala m'bungwe la ophunzira limene anzake ambiri adanyanyala chisankho chake, ndipo kumenekonso dandaulo lina lidali la chakudya. Oliver Tambo adachotsedwa mu 1942 pamodzi ndi anzake ambiri. Koma pa nthawi zimenezo akuluakulu ankatchulabe mayina. Amene wakana kumvera ndiye ankapita.

Mu 1955 zinthu zidasintha. Kwa nthawi ndithu ophunzira adali akudandaula za chakudya ndi malamulo a m'nyumba zogona, amene ankawasunga ngati ana pamene ena mwa iwo adali aphunzitsi kale, a mabanja awo. Chakumapeto kwa Epulo adanyanyala mwambo wolandira madigiri. Mkulu wa koleji, Clifford Dent, ndi anzake adakhulupirira kuti pali kagulu kachinsinsi kamene kakuopseza ena onse kuti azimvera zofuna zake. Kaguluko sadathe kukatchula mayina. Tsono pa 4 Meyi 1955 adatseka koleji, ndipo ophunzira pafupifupi 330 adakwezedwa sitima kubwerera kwawo, apolisi ali pomwepo.

Taonani kupotoka kwa maganizo amenewa. Akuluakulu a koleji ankanena okha kuti ophunzira ambiri ndi oopsezedwa, kutanthauza kuti ndi olakwiridwa. Komabe ndi omwewo amene adawathamangitsa. Wofuna kubwerera adayenera kulemba kalata yopempha malo ngati mlendo, ndipo akuluakuluwo ankafuna kumva kwa ophunzirawo kuti atsogoleri a kunyanyalako adali ndani. Koleji itatsegulidwanso, ena adakanizidwa malo. Komiti imene idasankhidwa kufufuza nkhaniyi, ya J.P. Duminy, M.C. Botha ndi Edgar Brookes, idapeza kuti pakolejipo padadzala kukayikirana, ndipo idati nthawi yakwana yoti Fort Hare isiye mzimu wa sukulu ya sekondale ya mishoni, ikhale yunivesite yeniyeni. Malangizowo sadapeze mpata wokhwima. Mu 1959 boma la tsankho lidakhazikitsa lamulo lolanda kolejiyo, ndipo kuyambira 1960 idayamba kuyendetsedwa ndi unduna wa maphunziro a anthu akuda.

Zimene zidachitika ku Fort Hare ndimaziona ngati chikombole chimene njerwa zambiri zaumbidwiramo. Poyamba umatseka ndi kuthamangitsa onse. Kenako umawauza kuti apemphenso malo, ndipo apa ndiye pagona luso lonse: amene sukumufuna sumuchotsa, umangopanda kumulandira, choncho palibe mlandu woti uzenge, palibe umboni woti uonetse. Pomaliza wobwererayo umamusayinitsa lonjezo, ndipo masiku ano umamulipitsanso. Pa masitepe atatu onsewa mawu oti chilango satchulidwa paliponse. Kalata ya mwana wa mlongo wanga idatsata ndondomeko yomweyi mosaphonya.

Boma la tsankho lidagwiritsa ntchito chikombolechi mopanda manyazi. Pa 29 Epulo 1972, pa mwambo wolandira madigiri ku yunivesite ya Turfloop, kumpoto kwa South Africa, wophunzira wina, Onkgopotse Abram Tiro, adayankhula modzudzula maphunziro a tsankho pamaso pa akuluakulu onse. Adachotsedwa. Anzake atakhala pansi m'holo kukana kulowa m'kalasi mpaka iye abwerere, yunivesite idathamangitsa ophunzira onse, oposa 1,100, ndi kuwauza kuti apemphenso malo. Zotsatira zake sizidali zimene akuluakulu ankayembekezera. Ophunzira a m'mayunivesite ena a anthu akuda adanyanyala nawo, ndipo bungwe la SASO lidakula mphamvu. Tiro adakaphunzitsa kwa kanthawi ku Soweto, kenako adathawira ku Botswana, kumene adaphedwa ndi bomba la m'phukusi pa 1 Febuluwale 1974.

Chikadakhala chinthu chokoma kunena kuti mchitidwewu udatha ndi utsamunda. Sudathe. Pa 22 Okutobala 1966, ophunzira a ku Dar es Salaam adaguba kupita ku nyumba ya boma kukatsutsa lamulo lowakakamiza kutumikira dziko kwa zaka ziwiri pa malipiro ochepa. Chikwangwani chimodzi chinkanena kuti utsamunda udali bwino. Julius Nyerere adapsa mtima. Adadula malipiro ake omwe ndi 20 peresenti, ndipo ophunzira pafupifupi 400 adawatumiza kumidzi kwawo tsiku lomwelo. Sadafunse kuti adalemba chikwangwanicho ndani. Ambiri adaloledwa kubwerera chaka chotsatira. Nyerere adali mphunzitsi, munthu wodziwa kutsutsana ndi anthu mwaulemu, komabe pa tsikulo chida chimene chidali pafupi ndi dzanja lake chidali cha bwana DC.

Ku Zambia, mu Julayi 1971, ophunzira a University of Zambia adachita zionetsero ku ofesi ya kazembe wa France ku Lusaka, pokwiya kuti dzikolo likuthandiza South Africa kupeza ndege zankhondo za Mirage. Atsogoleri awo atalemba kalata yodzudzula Kenneth Kaunda, boma lidatseka yunivesite, lidachotsa atsogoleriwo, ndipo ena onse adayenera kupemphanso malo. Mu 1976 idatsekedwanso pa nkhani ya nkhondo ya ku Angola. Kuno ku Malawi, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya nyengo ya Lenti pa 8 Malichi 1992, ophunzira a Chancellor College ku Zomba adaguba kugwirizana nayo, ndipo koleji idatsekedwa. Mu 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitana mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa zimene adanena m'kalasi, mkangano udali pakati pa aphunzitsi ndi boma, koma amene adataya miyezi pafupifupi isanu ndi itatu ya maphunziro adali ophunzira.

Nanga lamulo likuti chiyani? Ophunzira ambiri, akakwiya, amathamangira kunena kuti Pangano la Geneva limaletsa chilango cha onse. Zoona, ndime 33 ya pangano lachinayi la Geneva, la 1949, imaletsa kulanga munthu pa mlandu umene sadapalamule yekha, ndipo malamulo a ku Hague a 1907 adali ataletsa kale kulipitsa anthu a dera lonse chifukwa cha zochita za munthu mmodzi. Koma amenewa ndi malamulo a nthawi ya nkhondo, oteteza anthu wamba amene ali m'manja mwa adani. Sungapite nawo kukhothi kukasumira mkulu wa koleji. Phindu lake pa nkhani yathu ndi lochititsa manyazi basi: chinthu chimene msilikali saloledwa kuchitira anthu a dziko limene waligonjetsa, ife timachitira ana athu m'nthawi ya mtendere.

Pafupi ndi kwathu pali pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa anthu, limene lidavomerezedwa ku Nairobi mu 1981 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 1986. Ndime 7 ya panganoli imanena momveka kuti chilango ndi cha mwini mlandu, ndipo chiperekedwe kwa wolakwa yekha. Sindikuganiza kuti mawu amenewa adalowamo mwangozi.  Ndimeyi kwenikweni imakamba za milandu ya kukhothi, choncho loya wa koleji akhoza kunena kuti mwambo wa pasukulu suli m'gulu limenelo. Komabe mfundo yake ndi yovuta kuitsekera kunja kwa geti, makamaka pamene mlandu umene ophunzira akuganiziridwa ndi wotentha nyumba kapena kuswa katundu, umene ndi mlandu wa kupolisi.

Chida chenicheni cha wophunzira chili m'malamulo aakulu a dziko lake. Ku Malawi, malamulo a 1994 ali ndi gawo 43, limene limati aliyense ali ndi ufulu woti chigamulo cha akuluakulu a boma chomukhudza chikhale chotsata malamulo, chochitika mwachilungamo, chogwirizana ndi zifukwa zimene zaperekedwa, ndipo zifukwazo azipatsidwe polemba. Gawo 25 limanena za ufulu wa maphunziro. Ku South Africa mfundo yofanana ili m'gawo 33 la malamulo a 1996. Tikaika kalata ija pa sikelo imeneyi, mafunso ake ndi apafupi. Kodi wophunzirayu adauzidwa mlandu wake? Kodi adapatsidwa mpata woyankha? Kodi chifukwa chimene chaperekedwa chikumukhudza iyeyo? Kunena kuti "ophunzira adaswa magalasi" si chifukwa cholipitsira munthu amene usikuwo adali ndi diripi pamkono. Makoleji omwe si a boma nkhani yawo imatsamira kwambiri pa mgwirizano umene wophunzira adasayina polowa, koma nawonso amamangidwa ndi malamulo amene adadzilembera okha a kazengedwe ka milandu.

Makhothi a mu Africa adayankhulapo. Mu Febuluwale 1983 kudachitika zipolowe zazikulu pa yunivesite ya Maiduguri ku Nigeria, ndipo katundu wambiri adawonongeka. Yunivesite idakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo wapampando wake adali wachiwiri kwa mkulu wa yunivesiteyo, munthu amene iye mwini adali mmodzi wa ovutitsidwa pa zipolowezo. Ophunzira angapo adachotsedwa. Mu 1986, pa mlandu wa Garba ndi anzake, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo lidati kuchotsedwako n'kopanda mphamvu. Wodandaula sangakhalenso woweruza, ophunzirawo sadamvedwe moyenera, ndipo milandu monga kutentha nyumba ndi kuba malo ake ndi kukhothi. Khothilo silidanene kuti zipolowe ndi zabwino. Lidangoti ngakhale zinthu zitaipa chotani, njira yopezera wolakwa siyenera kudumphidwa.

Ku South Africa, mu 2022, khothi loona za malamulo aakulu a dziko lidagamula mlandu wa antchito a pa famu ya Oak Valley, amene pa kunyanyala kwawo padachitika zachiwawa. Eni famu adafuna chiletso chokhudza onse amene adanyanyala. Khothi lidati kupezeka pa kunyanyala kapena pa zionetsero pakokha si kokwanira. Payenera kuoneka ulusi wolumikiza munthuyo ndi choipacho: kuti adachita, kapena adalimbikitsa, kapena adadziphatika ku gulu limene linkachita. Mlanduwu sudali wa ophunzira, ndipo udali wa chiletso osati chilango. Koma ngati khothi likufuna ulusi umenewu lisanangoletsa munthu kuchita chinthu, kuli bwanji pamene akufuna kumulanda ndalama kapena chaka cha maphunziro?

Ndisaname, mbali ya akuluakulu a koleji ndimaimva. Zipolowe zimachitika usiku, magetsi atazimitsidwa, anthu ataphimba nkhope. Kutacha aliyense amati adali m'tulo. Amene adaona amaopa kunena, chifukwa mawa akagona chipinda chimodzi ndi amene amutchulayo. Pamenepo laibulale yapsa, boma lilibe ndalama zokonzera, ndipo ophunzira a chaka chamawa, amene sadalakwe kalikonse, ndiwo adzasowe mabuku. Mkulu wa koleji akafunsa kuti "nanga alipire ndani?" si kuti akufunsa mwankhanza. Ndipo pali nthawi zina pamene kutseka koleji n'koyenera. Ngati moto ukuyaka, khitchini yaphwanyidwa ndipo miyoyo ili pangozi, kutumiza anthu kwawo kwa masiku angapo n'kuwateteza.

Malire ake ali pa cholinga. Kutseka kofuna kuteteza kumatha ngozi ikatha, ndipo aliyense amabwerera pamalo pake popanda kupempha. Kukapitirira pamenepo, kukafuna kuti munthu apemphenso malo amene adawapeza kale ndi mayeso ake, alipire, avomere kulakwa, kwasanduka chilango, kaya kalatayo ikutchula dzina lanji. Njira zina zilipo, kungoti n'zotopetsa. Koleji ikhoza kuzenga mlandu wa aliyense payekha pamaso pa anthu amene sadakhudzidwe. Ikhoza kupereka nkhani kupolisi, kapena kusumira amene apezeka olakwa kuti alipire. Ikhoza kuika katundu wake pa inshuwalansi. Ngakhale italimbikira zolipitsa ambiri, chochepetsetsa chimene ingachite n'kutsegula khomo loti amene ali ndi umboni woti kudalibe amvedwe. Ndipo ikhoza kumvera madandaulo a nyemba zofumbwa mwezi woyamba, magalasi asanasweke, pakuti kuyambira ku Lovedale mpaka lero zipolowe sizigwa ngati mphezi ya chilimwe.

Ena amati kulangira kumodzi ndi chikhalidwe chathu, poti timati ikaola imodzi zonse zaola, ndiponso nkhuyu zodya ana zimapota akulu. N'zoona kuti kumudzi mwana akapalamula, mbuzi imachokera m'khola la malume wake. Koma aliyense amene adakhalapo pabwalo la mfumu akudziwa mmene zimayendera. Wodandaula amayankhula, woimbidwa mlandu amayankha, mboni zimafunsidwa, nduna zimaunika, ndipo pokhapo wolakwa atadziwika ndi pamene abale ake amasenza naye. Amasenza chifukwa ndi magazi awo, adamulera, ndipo ali ndi mphamvu yomudzudzula. Sindidamvepo mfumu imene mbuzi itabedwa idalipitsa aliyense amene adapita kumsika tsiku limenelo. Ophunzira a pa koleji si mbumba imodzi. Ndi anthu ochokera ku Chitipa, ku Nsanje ndi ku Mchinji amene adakumanitsidwa ndi mndandanda wa mayina. Mwambi wa nsomba uja ndi chenjezo kwa munthu posankha anzake. Sudapangidwe kuti ukhale chigamulo.

Ngati lamulo lili chonchi, n'chifukwa chiyani makalata otere akulembedwabe? Yankho ndidalipeza m'thumba langa lomwe. Ndidalembera koleji ija kalata yaulemu, ndidaphatikizapo fotokope ya kabuku ka kuchipatala, ndidatchula gawo 43, ndi kupempha zifukwa polemba. Yankho lidabwera pakamwa, kudzera kwa kalaliki wa mu ofesi, munthu wachifundo amene ankaoneka kuti nkhaniyi yamutopetsa. Adati chigamulo ndi cha onse, ndipo akapatula mmodzi, mawa kubwera anthu 200 ndi timabuku ta kuchipatala. Ndidakaonana ndi loya. Adandiuza kuti mlandu wathu ndi wooneka bwino, kuti pempho loti khothi liunikenso chigamulo liyenera kuperekedwa miyezi itatu isanathe, ndipo adatchula ndalama zoyambira. Zidali zochuluka kangapo kuposa chindapusa chija. Mayeso omaliza adali atatsala milungu isanu ndi umodzi.

Apa ndiye pamene mchitidwewu umapezera moyo. Chindapusa chimakhala chowawa kwa banja, koma chochepa poyerekeza ndi mtengo wa khothi, ndipo nthawi imakhala kumbali ya koleji. Banja lililonse likawerengera palokha limapeza kuti kulipira n'kwanzeru. Amene amafika kukhothi kawirikawiri ndi ochotsedweratu, amene alibenso chotaya, n'chifukwa chake zigamulo zimene tili nazo zimakamba kwambiri za kuchotsedwa kusiyana ndi za chindapusa cha onse. Bungwe la ophunzira likadatha kusonkha ndalama ndi kusuma m'malo mwa onse, koma pa nthawi yotere atsogoleri ake ndiwo amakhala oyamba kuimitsidwa, ndipo mamembala ake amakhala atamwazikana m'maboma onse. Somerset akadadzuka lero akadaizindikira ntchito ya manja ake.

Tidalipira. Mlongo wanga adagulitsa mbuzi ziwiri, ine ndidawonjezera zotsalazo. Pa tsiku losayina ndidapita ndine ngati kholo. Mtsikanayu adatenga cholembera, ndipo asanasayine adalemba m'munsi mwa lonjezo lija, ndi zilembo zing'onozing'ono, kuti usiku wa zipolowe iye adali m'chipatala. Kalaliki uja adayang'ana, sadanene kanthu, adadinda chidindo ndi kuika pepalalo pamulu wa ena. Mayeso adakhoza. Lisiti ndikusungabe, pamodzi ndi kalata yanga imene sidayankhidwe.

Lero iye ndi mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo kalasi yake ili ndi ana oposa 100. Chaka chatha, tikucheza pakhonde, adandiuza kuti tsiku lina adatuluka pang'ono, ndipo pobwera adapeza wina wathyola loko wa kabati ya mabuku. Adafunsa kuti ndani, ana onse chete. Adawauza kuti palibe wopita kukadya phala mpaka wolakwa atadziwika. Akuti padatha mphindi khumi, ndipo kamwana kena kakutsogolo, kamene kadabwera mochedwa tsikulo, kadakweza mkono n'kufunsa kuti, "Madamu, nanga ife amene kudalibe?" Ndidamufunsa kuti adayankha chiyani. Adati sadayankhe, adangowauza onse kuti apite akadye, ndipo loko adagula wina ndi ndalama zake. Amene adathyola sadadziwike mpaka lero.